Chigoba cha Pulasitiki Sichinaumbidwire Msomali

Wailesi ya kalabu ya alimi ikasiya kulankhula, anthu amathamangira kunena kuti batire latha, kapena kuti katundu wa masiku ano ndi wosalimba. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma si zachilendo kuti mmisiri akaitsegula apeze kuti vuto linayambira kunja: pa kabowo kamene wina anaboola ndi msomali kuti amangepo chingwe chokolowekera, pa sikuluwu yaitali imene inapyola chigoba n'kukakanda zam'kati, kapena pa guluu amene anayenderera n'kukaumitsa batani lokwezera mawu. Amene anachita izi sanali ndi cholinga choononga. Ankafuna kuti chipangizocho chigwirizane ndi malo amene chikugwiramo ntchito.

Zifukwa zake n'zomveka. Mlangizi wa zaulimi woyenda pa njinga amafuna pomangirira foni kuti isagwe m'misewu ya mabampu. Nyali ya sola imaunikira bwino nyumba ikalendewera pa mtanda wa denga. Mudzi wa kuseri kwa phiri umafuna eriyo yaitali kuposa imene inabwera ndi wailesi. Kabokosi koongolera moto wa sola kayenera kukhala pakhoma, patali ndi ana ndi nkhuku, ndipo pasukulu kapena pachipatala chaching'ono pamafunikanso tcheni kuopa akuba. Zambiri mwa zoonjezerazi wopanga sanaziganizire, koma zonse zimakathera pamalo amodzi, pa chigoba chopyapyala cha pulasitiki chimene chimakuta chipangizocho.

Chigobacho chikasweka, chotayika si pulasitiki yekha ayi. Wailesi ya gulu imagulidwa ndi ndalama zosonkherana kapena imachokera ku bungwe limene silidzabweranso ndi ina, ndipo mmisiri wodziwa kuikonza amakhala kutali, kuboma. Ndi wailesi yomweyo imene imauza alimi mitengo ya mbewu ndi nthawi yoyembekezera mvula. Pa nthawi ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019, komanso wa Freddy mu Malichi 2023, magetsi anazima ndipo mafoni anasiya kugwira m'madera ambiri okhudzidwa. M'masiku otere, wailesi yosadalira magetsi ndi nyali yodya dzuwa zimaposa katundu wina aliyense wa m'nyumba.

Kuchoka pa sefuliya kufika pa chikombole

Akuluakulu ena a ku Zambia ndi ku Malawi amakumbukirabe wailesi yotchedwa Saucepan Special, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5 kuti anthu akumidzi azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, ndipo chigoba chake chinali cha aluminiyamu, choumbidwa ngati sefuliya yopanda chogwirira. Mabowo ake anatchingidwa ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe. Chigoba chotere chikagwa chimangofwaphika, ndipo wokhoma zidebe aliyense angathe kuchiongola kapena kukhomerapo chogwirira. Luso limene amisiri akumudzi anatengera kwa makolo awo ndi limeneli: la chitsulo, thabwa ndi msomali.

Zipangizo za m'zaka zotsatira zinabwera ndi khungu lina. Trevor Baylis wa ku Britain anapanga wailesi yopukusa ataonera pa kanema pulogalamu yonena za Edzi mu Africa mu 1991, ndipo mu 1995 fakitale yopanga mawailesiwa inakhazikitsidwa ku Cape Town. Mu 2003 bungwe la Freeplay Foundation linatulutsa wailesi ya Lifeline, ya mtundu wa buluu ija, imene inagwiritsidwa ntchito m'maphunziro a pa wailesi monga a Taonga Market ku Zambia ndi a Tikwere ku Malawi. Kenaka kunabwera mafoni a m'manja ndi nyali za sola. Zonsezi zili m'zigoba za pulasitiki, zopepuka, zosachita dzimbiri, zotsika mtengo, koma zosamvana ndi hamala.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kudziwa mmene chigobacho chimapangidwira. Ku fakitale amasungunula tinjere ta pulasitiki tonga mpunga, n'kukankhira phalalo mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo, monga woumba njerwa amatsendera dothi m'chikombole cha matabwa. Posakhalitsa phalalo limauma ndipo chigoba chimatuluka chathunthu. Khoma lake nthawi zambiri limakhala lochindikala mamilimita 2 kapena 3 basi. Si kuumira kokha kumene kumachititsa izi: pulasitiki wochindikala sazizira mofanana, ndiye amakhwinyata ndi kupindika. Pofuna kulimbitsa khoma lopyapyalalo, wopanga amaumbiratu m'kati mwake tinthiti topingasa ndi timizati tokhala ndi bowo pakati, momwe mumalowa masikuluwu. Choncho mphamvu ya chigoba siili paliponse. Ili m'timizati, m'tinthiti ndi m'ngodya. Pamene pali poyera ndi posalala, pamene diso limati apa ndiye pabwino kuboola, ndi pamene pali pofooka kwambiri.

Pulasitiki ali ndi makhalidwe enanso amene chitsulo chilibe. Amatopa: akasenza katundu nthawi yaitali amapindika pang'onopang'ono osabwereranso, monga imachitira miyendo ya mpando wa pulasitiki. Kutentha kumafulumizitsa kutopaku, ndipo pansi pa denga la malata ku Nsanje, ku Tete kapena ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala si malo ozizira. Dzuwa nalo limam'khalitsa, ngati ndowa yoiwalika pabwalo imene imasuluka n'kuyamba kuthetheka. Koma khalidwe lofunika kulikumbukira kwambiri ndi lakuti mng'alu umayambira pa kabala kakuthwa. Telala akafuna kung'amba chitenje amangodula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kwinako nsalu imang'ambika yokha. Bowo lokhomedwa ndi msomali limasiya timabala totere kuzungulira mlomo wake. Tsiku lokhomalo zonse zimaoneka bwino. Mng'alu umadzaonekera patapita miyezi, aliyense ataiwala kumene unachokera.

Kodi chipangizochi ndi chandani?

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa chida chilichonse chisanagwiridwe. Kuyambira mu 2007, pamene World Bank ndi IFC anayambitsa ntchito ya Lighting Africa, pakhala kuyesetsa kuti zida za sola zogulitsidwa kumidzi zizikhala zoyesedwa. Ntchito yoyesayi inayamba kudziwika ndi dzina lakuti VeraSol mu 2020. Mwa zina, muyezo wake umafuna kuti wopanga alonjeze kukonza kapena kusintha katundu woonongeka kwa chaka chimodzi ngati ndi nyali yaing'ono, ndi zaka 2 ngati ndi zida zokulirapo zounikira nyumba yonse. Koma ogulitsa ambiri salandira katundu amene watsegulidwa kapena kubooledwa. Bowo limodzi lokolowekera lingathe kufafaniza lonjezo lonselo.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri kwa amene anatenga sola ya ngongole, yolipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Kufikira ngongole itatha, mgwirizano umene anasaina ndi umene umanena zololedwa ndi zosaloledwa, ndipo banja lingapezeke likulipirabe chinthu chimene linachiononga lokha. Alangizi angathandize kwambiri pongowerengera anthu pepala la mgwirizanolo m'chilankhulo chawo tsiku logula lomwelo.

Kuchiveka m'malo mochiboola

Njira yabwino koposa yomangirira choonjezera pa chigoba cha pulasitiki ndi yosakhudza pulasitikiyo n'komwe. M'malo moboola wailesi kuti ilendewere, mpofunika kuipangira chokhalamo: kabokosi ka matabwa kotsegula kutsogolo, kathumba ka nsalu yolimba kokhala ndi lamba, kapena kadengu koluka molingana ndi msinkhu wake. Misomali, zokolowekera ndi tcheni zimapita pa chokhalamocho. Thabwa ndi limene limasenza katundu, ndipo likang'aluka mmisiri wa m'mudzi momwemo amapala lina. Mayi wobereka mwana saboola malaya a mwanayo kuti amumangirire kumsana. Amam'kulunga ndi mbereko, ndipo kulemera kumagawanika ponseponse.

Njirayi ena amaiona ngati yachikale, yosayenera katundu wamakono. Kumeneko n'kulakwitsa. Malamba odulidwa ku chubu chakutha cha njinga, amene ambiri amati malegeni, amagwira mwamphamvu popanda kukanda, ndipo amameza kugwedezeka kwa njinga kumene kukanathyola chogwirira cholimba. Ndi kathabwa kamodzi, kansalu kofewa pansi pake ndi malamba awiri, foni imakhazikika pa handulo. Timalamba ta nayiloni totchedwa cable tie timathandizanso, koma pogula mpofunika kusankha takuda. Toyera timathetheka msanga padzuwa, pamene takuda tili ndi mwaye wapadera umene umatchinga kuwala koononga.

Chokhalamo chabwino chimasiya poyera malo atatu: pakamwa pa sipika, pagalasi lolandira dzuwa, ndi pa timipata totulutsira mpweya wotentha. Timipata timeneti sitinaikidwe ngati zokongoletsa. Kabokosi koongolera moto wa sola kamatentha kakamagwira ntchito, ndipo kakakulungidwa m'nsalu kamafa msanga. Batire lalikulu la asidi, longa la galimoto, limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa, choncho bokosi lake lisatsekedwe ponseponse. Chinanso n'chakuti chokhalamo cha lata kapena cha waya wolukana chimachepetsa mphamvu ya wailesi ndi foni yokoka mawu, chifukwa eriyo ina imakhala yobisika m'kati mwa chigoba. Apa thabwa, nsalu ndi mlaza zimaposa chitsulo.

Pamene kuboola sikungapeweke

Pali ntchito zina, monga kuika chogwirira chatsopano kapena kulowetsa waya wa batire lakunja, zimene sizitheka popanda kukhudza chigoba. Zikatere, lamulo loyamba n'lakuti munthu asaboole chinthu chimene sanaone m'kati mwake. Achotse mabatire, amasule masikuluwu onse, kuphatikizapo obisika pansi pa zomata kapena pansi pa timiyendo ta mphira, ndipo alekanitse mbali ziwiri za chigoba modekha, pakuti zambiri zimakolana ndi timano tosachedwa kuthyoka. Mbali yoti ibooledwe aiike payokha pa thabwa, kutali ndi zamagetsi. Chifukwa chake n'choopsa ndithu. Nyali zambiri za sola ndi mafoni zili ndi mabatire a lithiamu, ndipo batire lotere likalasidwa ndi chitsulo lingathe kutentha, kutulutsa utsi woipa ndi kuyaka. M'nyumba yofolera ndi udzu, ngozi yotere siithera pa nyali yokha.

Malo olimba kwambiri omangirirapo ndi amene wopanga anakonza kale, ndiwo timizati ta masikuluwu. Kachitsulo kopyapyala kopindidwa ngati mbedza kangathe kupanidwa pansi pa mutu wa sikuluwu imene ilipo kale, popanda bowo latsopano. Ngati kachitsuloko n'kochindikala, pamafunika sikuluwu yotalikirapo, koma yotalika ndi muyezo wa kachitsuloko basi. Mamilimita 2 opyolera ndi okwanira kung'amba kamzati kapena kukagunda kathabwa kobiriwira ka zamagetsi. Sikuluwu yonenepa kuposa yakale imatsekula kamzati ngati mphano yowazira nkhuni. Masikuluwu a matabwa, a mutu wosongokera kunsi aja, amachitanso chimodzimodzi pa khoma la pulasitiki. Ofunika ndi a mutu wophwatalala kunsi.

Pali kaluso kena kakang'ono kamene kamapulumutsa zipangizo zambiri. Sikuluwu ya pulasitiki imadzidulira yokha mazinga ulendo woyamba imene ikulowa. Ikabwezedwa mosasamala imadula mazinga ena pamwamba pa akale, ndipo pakatha maulendo angapo m'bowomo mumangotsala ufa. Wodziwa amaika sikuluwu pabowo, n'kuyamba waitembenuzira kumbuyo, ngati akumasula, kufikira atamva kuti yagwera m'njira yake yakale. Akatero amamanga, ndipo imalowa mofewa. Pomanga, zala zitatu pa sikuludiraiva n'zokwanira. Sikuluwu ikangoima, aleke. Chizolowezi chomanga mpaka dzanja kunjenjemera chimachokera ku mabawuti a pulawo ndi a ngolo, ndipo chiyenera kutsala komweko.

Ngati choonjezeracho chidzasenza katundu, monga chogwirira kapena lamba wonyamulira, sikuluwu yongoluma khoma la mamilimita 2 singadalirike. Pamafunika kabawuti kopyola khoma lonse, kokhala ndi nati m'kati. Chinsinsi chake chili pa washa, kachitsulo kophwatalala koboola pakati kaja. Washa yotakata, kunja ndi m'kati, imagawa kulemera pa malo aakulu kuti mutu wa bawuti usazule pulasitiki. Pamene washa palibe, kachidutswa kodulidwa ku chigubu chakutha kamagwira ntchito yomweyo, ndipo kali ndi ubwino wakuti sikadutsa magetsi. Mabawuti awiri aang'ono amaposa imodzi yaikulu, chifukwa chinthu chomangidwa pamalo amodzi chimazungulira n'kumakulitsa bowo. Bowolo likhale patali ndi m'mphepete, ndipo likhale lokulirapo pang'ono kuposa bawuti, pakuti kukatentha pulasitiki amafufuma kangapo kuposa chitsulo ndipo amafuna mpata. Kuti nati isamasuke ndi kugwedezeka, nati yachiwiri yomangidwa pamwamba pa yoyamba ndi yokwanira. Potseka chigoba mpofunika kuonetsetsa kuti nsonga ya bawuti sikukhudza waya kapena batire.

Nanga bowolo liboolewe ndi chiyani? Choboolera cha amisiri a matabwa, chozungulitsidwa pang'onopang'ono ndi dzanja, ndicho chabwino. Nsonga ya kampeni kakuthwa, yozunguliridwa modekha, imathanso kuboola bowo losalala. Msomali wozizira ndi hamala n'zosayenera m'pang'ono pomwe. Msomali wamoto uli pakatikati. Pa pulasitiki wofewa wonga wa chigubu umaboola bwino, koma n'kovuta kuulamulira: umalowa mwadzidzidzi, umakulitsa bowo kuposa muyezo, ndipo utsi wake si wabwino kuupuma. Woti augwiritse ntchito achitire panja, pa chigoba chimene wachotsamo zonse, ndipo akatha apale mlomo wa bowolo kuti ukhale wosalala.

Guluu samata pulasitiki aliyense

Anthu ambiri amadandaula kuti guluu wa masiku ano ndi wachinyengo. Wachinyengo alipodi m'misika, koma nthawi zina guluuyo amakhala wabwinobwino, vuto lili pa mtundu wa pulasitiki. Mawu akuti pulasitiki ali ngati mawu akuti mbewu: chimanga ndi chinangwa zonse ndi mbewu, koma sizilimidwa mofanana. Zigoba zambiri za mawailesi, matchaja ndi nyali ndi za mtundu wotchedwa ABS, wolimba, womveka kuti kho ukagogodwa, ndipo umenewu umamatika bwino. Magalasi oonekera a nyali kawirikawiri ndi a mtundu wa PC. Koma pali mitundu ina iwiri, PP ndi PE, ya zigubu, ndowa ndi zigoba za mabatire a galimoto, imene imaterera ngati yapakidwa phula. Pa imeneyi guluu wamba sagwira. Amauma bwinobwino, kenaka amasupuka yense ngati nkhanambo.

Opanga ambiri amadinda dzina la mtunduwo m'kati mwa chigoba, mwa zilembo monga ABS kapena PP. Pa ziwiya zina pamakhala nambala m'kati mwa kachizindikiro ka ngodya zitatu, dongosolo limene linayamba ku United States mu 1988: 2 ndi 4 ndi mitundu ya PE, pamene 5 ndi PP. Chizindikiro chikasowa, kapu ya madzi ingathandize. Kachidutswa kopalidwa pamalo obisika kakankhidwire pansi pa madzi ndi chala. PP ndi PE n'zopepuka kuposa madzi, choncho kachidutswako kamabwerera pamwamba. ABS ndi PC zimamira. Kuyesaku sikulondola nthawi zonse, chifukwa PP wina amasakanizidwa ndi ufa wolemera, koma kachidutswa kakayandama, ndalama yogulira guluu isaonongedwe.

Supaguluu ndiye amapezeka mu okala iliyonse. Mankhwala ake anatulukiridwa ndi Harry Coover ku United States mu 1942, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958. Amauma akakumana ndi chinyontho chochepa chimene chimakhala pa zinthu ndi mumpweya, n'chifukwa chake amamata zala msanga kuposa china chilichonse. Ndi wabwino polumikiza mng'alu wa ABS umene mbali zake zikukumana ndendende. Koma akauma amakhala ngati galasi: sapirira kugwa, kupindidwa kapena kusendedwa, choncho sayenera kusenza chogwirira. Kadontho kamodzi kamagwira kuposa madontho khumi. Wochuluka amayenderera m'mabatani, ndipo nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa galasi la nyali. Amisiri a m'misika amathira soda wophikira pa supaguluu kuti atseke mpata; zimauma nthawi yomweyo n'kukhala ngati mwala, ndipo n'zothandiza pomanganso kamzati kosweka. Koma kusakanizaku kumatentha, monganso zimachitikira supaguluu akadonthera pa thonje. Botolo lake lisungidwe kutali ndi ana, makamaka poti limafanana ndi la mankhwala a m'maso.

Pa ntchito yolemera pamafunika guluu wa mbali ziwiri zosakaniza, wotchedwa epoxy. Wina amabwera ngati uchi m'timachubu tiwiri, wina ngati dongo lokanda ndi zala. M'chigawo chino ambiri amadziwa Pratley Putty, wopangidwa ku Krugersdorp, South Africa. N'zochititsa chidwi kuti George Pratley anam'panga m'zaka za m'ma 1960 pofuna kuthetsa vuto lofanana ndi limene lili pano: kumangirira tizitsulo tolumikizira mawaya m'kati mwa mabokosi a magetsi. Guluu wotere amadzaza mipata ndipo salola madzi, koma amafuna kukonzekera. Pomatapo patsukidwe ndi sopo kuchotsa mafuta a m'manja, paume, kenaka pakhulidwe ndi sandipepala kuti guluu apeze pogwira. Malo omata akhale otakata, osati kansonga. Ndipo ngakhale pepala litanena kuti amagwira m'mphindi 5, mphamvu yake yonse imabwera pakapita maola ambiri, choncho ndi bwino kudikira mpaka mawa lake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amalephera pomwepa, pokoka chogwirira kuti aone ngati chagwira.

PP ndi PE zimafuna njira zina: bawuti ndi washa, kusoka ndi waya wopyapyala kudzera m'timabowo, kapena kuotcherera ndi chitsulo chamoto pogwiritsa ntchito kachidutswa ka pulasitiki wa mtundu womwewo, monga amachitira okonza ndowa ndi mabeseni. Mitundu yosiyana siigwirana ngakhale itasungunuka pamodzi. Petulo ndi thina zisayandikire chigoba chilichonse cha chipangizo, ngakhale pochitsuka, chifukwa zimafewetsa ABS ndi PC n'kuyambitsa timing'alu. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo okhala ndi acetone amasungunuliratu ABS.

Njira ya waya ndi njira ya madzi

Pa zipangizo zina pamalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. IP65 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madzi opopera sachiononga. IP67 ikutanthauza kuti chingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Manambalawa amanena za chigoba monga chinatulukira ku fakitale. Chikabooledwa, sakutanthauzanso kanthu.

Choncho bowo lolowetsera waya likhale kunsi kwa chigoba, osati pamwamba kapena m'mbali. Madzi amayenda ndi waya monga amatsikira ndi chingwe cha pachitsime, ndiye waya wochokera padenga ayambe watsika kupyola chipangizocho, apinde ngati uta, kenaka akwere kukalowa pabowo. Madontho amagwera pansi pa utawo. M'kati mwa chigoba, wayayo amangidwe mfundo yosathina kapena apanidwe ndi cable tie, kuti mwana akakoka kunja, mphamvuyo ithere pa mfundo osati pamene waya anaotchereredwa. Kachidutswa ka chubu kovekedwa pa waya pamene akudutsa pabowo kamam'teteza kuti asadyeke.

Mpata wotsala uyenera kutsekedwa, pakuti nyerere ndi mphemvu zimakonda malo ofunda a m'kati mwa zipangizo, ndipo opanga Saucepan Special anazidziwa kale zimenezi. Silikoni amatseka bwino, koma pali mitundu iwiri. Wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi pouma, ndipo asidiyo amadya kopa wa mawaya. Pa zamagetsi pamafunika wosanunkha viniga. Mphuno yokha ndi yokwanira kusiyanitsa.

Udindo wa ogula m'malo mwa anthu

Mbali ina ya vutoli imayambira m'maofesi a mabungwe amene amagula zipangizo zambirimbiri n'kukagawa kumidzi. Pamapepala oyerekezera mitengo pamalembedwa kuwala kwa nyali ndi maola amene batire limakhala, koma si kawirikawiri kupezapo funso lakuti chipangizochi chidzakolowekedwa pati. Chikafika kumudzi chopanda chogwirira, anthu adzachipangira, ndi zida zimene ali nazo. Kuwadzudzula pambuyo pake n'kusaona chilungamo.

Okonza wailesi ya Lifeline anaganizirapo zimenezi. Anaiumbira chogwirira m'chigoba momwemo, anaika galasi la sola lochotseka lokhala ndi waya wake kuti likhale padzuwa wailesi ili pamthunzi, ndipo eriyo yake inali waya wamba woti aliyense angathe kusintha. Wogula aliyense angafunse zofanana: ngati kumbuyo kuli mabowo okolowekera, ngati pali podutsa lamba, ngati chigoba chimatsekedwa ndi masikuluwu wamba kapena chinamatidwa moti sichingatsegulidwe popanda kuchiswa, ndiponso ngati batire lake lingasinthidwe. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi zakutha, ndipo mu Africa zosakwana 1 pa 100 zilizonse ndi zimene zinalembedwa kuti zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Kumudzi, nyali yosweka chigoba imathera kudzala kapena m'manja mwa ana, batire lake lili momwemo.

Makalabu nawo angadziteteze ndi mfundo zochepa zolembedwa m'buku la gulu: kuti chipangizo cha gulu sichibooledwa kapena kumatidwa popanda komiti kugwirizana, kuti wotsegula akhale munthu mmodzi wodziwika, ndiponso kuti masikuluwu omasulidwa aikidwe m'mbale motsatana, popeza si onse amakhala ofanana kutalika. Malamba a chubu amafuna kusinthidwa akayamba kuonetsa timing'alu, ndipo silikoni amasupuka pakapita nthawi. Nthawi yabwino yoyendera zonsezi ndi mu Okutobala, pamene anthu akufolera madenga, mvula yoyamba isanagwe.